MAGAZINI AKALE, KU JAPAN NDI KU LUNDAZI

Munthu ali yense amene anakhalako ku Lundazi adziwa kuti nyuzipepa kapena magazini ikawerengedwa, nchito yace siinathe ai. Mkulu wa pamudzi ang'ambako kacidutswa kopicirira fodya wace. Mai wogulitsa vitumbuwa pa msika wa pa Boma akulungiramo malonda ace. Mwana wa sukulu akutira nayo buku lace. Ndipo tsamba lokhala ndi cithunzi cokongola limatidwa pa khoma ndi phala, nilikhala pomwepo kufikira utsi utalidetsa. Zotsala zikolezera moto tsiku la mvula. Palibe cocititsa manyazi m'zimenezi, pakuti kumene pepala lisowa, kuligoneka cabe m'bokosi kuoneka ngati kuononga cuma. Koma cotulukapo cace ndi cakuti, mwa magazini onse amene anakwera ndi mseu wocokera ku Fort Jameson, tauni imene lero ichedwa Chipata, amene atsala m'midzi ndi owerengeka cabe, ndipo caka ndi caka ali kuceperabe.

Kuli dziko lina lakutali kumene cinthu comweci cinacitika, koma pa muyeso waukulu kopambana, ndipo kumeneko kunabuka anthu amene anayamba kutola zimene anzao anali kutaya. Dzikolo ndi Japan. Anthu a ku Lundazi alidziwa makamaka cifukwa ca magalimoto ace, pakuti a Toyota oyenda pa mseu wa ku Chipata ndi wa ku Lusuntha ambiri anacokera kumeneko. Koma Ajapani ali ndi malonda ena amene afika kutali monga magalimoto aja, ndiwo nthano zojambula. Nthano yofotokozedwa ndi zithunzi zondondozana pa pepala, mau a anthu ali m'kati mwa zithunzizo, iwo aichula manga. Ikakhala yoyenda pa kanema aichula anime. Buku lao liyambira kumene la Cinyanja lithera, pakuti liwerengedwa kucokera ku dzanja lamanja kunka kumanzere, kotero kuti mlendo wolitsegula monga anazolowera ayamba ndi kuona mathero a nkhani.

Nkhondo yaikuru itatha m'caka ca 1945, dziko la Japan linali pa umphawi woopsya. Mizinda inali itapsya, cakudya cinali kusowa, pepala labwino panalibe. Mu mzinda wa Osaka osindikiza ang'onoang'ono anayamba kuturutsa timabuku ta ana pa pepala loipa, ta zikuto zofiira, timene tinachedwa akahon, ndiko kunena mabuku ofiira. Ndipo kawirikawiri tinali kugulitsidwa m'masitolo a maswiti ndi zidole. Pakati pa ojambula timabuku totere panali mnyamata wophunzira za udokotala, dzina lace Tezuka Osamu, wobadwa m'caka ca 1928. Buku lace lochedwa Shin Takarajima, la m'caka ca 1947, linachuka kwambiri pakati pa ana; ndipo kuyambira 1952 kufikira 1968 nthano yace ya Tetsuwan Atomu, kamnyamata ka citsulo kokhala ndi mtima wa munthu, kamene Azungu akadziwa ndi dzina lakuti Astro Boy, inali kuturuka mwezi ndi mwezi m'magazini yochedwa Shonen. Ana osowa ndalama anali kubwereka mabuku m'timasitolo tobwereketsa, nalipira pang'ono pa tsiku, ndipo buku limodzi linali kupita m'manja ambiri kufikira litatha. Amene anawerengako magazini imodzi ndi anzace khumi pa khonde la sitolo pa Boma sadzadabwa nazo.

Pa 17 March 1959 panaturuka magazini awiri tsiku limodzi, Shonen Magazine ndi Shonen Sunday, oturuka sabata ndi sabata. Woyamba mtengo wace unali mayeni 40, waciwiri mayeni 30. M'caka ca 1968 panabwera wina, Shonen Jump, amene pambuyo pace anapambana onse, kotero kuti kope limodzi la kuciyambi kwa 1995 linasindikizidwa makope 6,530,000. Ciwerengero cimeneci cipambana anthu onse amene anali m'Zambia pa tsiku la ufulu m'caka ca 1964. Ndipo cinali ca kope limodzi lokha. Masiku ano catsika kwambiri, popeza ambiri awerengera pa foni.

Tsono cofunika kucimvetsa ndi ici. Magazini amenewa sanapangidwe kuti asungidwe. Ali ocindikala ngati njerwa, a masamba mazana angapo, osindikizidwa pa pepala lochipa lopangidwa ndi mapepala akale, limene alipaka mtundu wobiriwira kapena wacikasu pang'ono kuti litsiro la inki yakale lisaoneke. Munthu anali kugula pa siteshoni, nawerenga m'sitima, nausiya pa mpando kapena m'nkhokwe ya zinyalala potsika. Amene anakonda nthano yakutiyakuti anali kudikira miyezi ingapo kuti ituruke m'buku laling'ono la pepala labwino, nagula limenelo, naika pa shelefu. Nyumba za ku Tokyo nzazing'ono, ndipo mai wa nyumba sangalole mulu wa mapepala kukwera kufikira ku denga. Motero cinthu cimene cinasindikizidwa cambiri kopambana zonse ndico cinatayidwa msanga kopambana zonse. Ndipo patapita zaka makumi atatu kapena anai, anthu pofuna kope loyamba la nthano imene anaikonda paubwana, anapeza kuti lasowa.

Wina angafunse kuti, ngati nthanoyo iri m'buku labwino, nanga magazini yofumbwa ifunikiranji? Osonkhanitsa ali nalo yankho, ndipo ndi yankho lanzeru. Buku lisunga nthano yokha, koma magazini isunga sabata yonse imene nthanoyo inabadwira. Masamba amene m'magazini anali a mitundumitundu, m'buku kawirikawiri aoneka akuda ndi oyera cabe. Timau ta mkonzi tolembedwa m'mphepete mwa tsamba, makalata a ana owerenga, kaciganizo kamene wojambula analemba kumapeto kunena za cimfine cace kapena mphaka wace, zolengeza malonda a njinga ndi maswiti pamodzi ndi mitengo yace ya nthawi imeneyo, zonsezi m'buku mulibe. Ndiponso ojambula ena anali kusintha nchito yao poikonzera buku. Tezuka anali wodziwika ndi khalidwe limeneli: anali kujambulanso nkhope, kucotsa masamba, nthawi zina kusintha ndi mathero omwe, kotero kuti wofuna kudziwa cimene ana a mu 1955 anaona ndi maso ao ayenera kupeza magazini yeniyeniyo, palibe njira yina. Magazini a mwezi ndi mwezi a zaka zimenezo analinso kubwera ndi timphatso m'kati, timene achula furoku: timabuku tapadera, zidole za pepala zoti mwana adule ndi kumata. Ana anazidula ndithu, monga anayenera, ndipo cifukwa cace magazini imene timphatso tace tikali tathunthu iri ndi mtengo woposa inzace kutalitali.

Comweconso ndi magazini onena za kanema. Animage inayamba m'caka ca 1978, ndipo m'menemo Miyazaki Hayao anayamba kujambula nthano yace ya Nausicaä m'caka ca 1982, naitsiriza mu 1994, atapumulapo kangapo kuti apange mafilimu. Makope a zaka zoyambazo afunidwa cifukwa m'menemo muli mau a anthu amene pa nthawiyo anali anchito wamba a m'nyumba zojambulira, dziko lisanadziwe maina ao.

Pamene pali ofuna, wamalonda sacedwa. M'caka ca 1980 munthu wina dzina lace Furukawa Masuzo, amene iye mwini anajambulako m'magazini yochedwa Garo, anatsegula kasitolo kakang'ono ka manga akale m'nyumba ya malonda ya Nakano Broadway ku Tokyo. Sitoloyo, Mandarake, inakula nikhala kampani ya nthambi m'mizinda yambiri, yogula ndi kugulitsa ndi kucititsa misika yopikisana mitengo. Ogula ayang'ana msana wa magazini ngati uli wosweka, masamba ngati afiira, dzina la mwana ngati linalembedwa pa cikuto, ndi kapepala ka mpikisano ngati kanadulidwa. Kope la nambala 51 la Shonen Jump la m'caka ca 1984, m'mene Dragon Ball ya Toriyama Akira inayambira, ndi limodzi la ofunidwa kwambiri. Ndipo popeza mtengo wace unakwera, panaoneka ndi makope onyenga omwe, osindikizidwa dzulodzulo koma ooneka ngati akale. Mwezi wa May 2018, ku Paris, tsamba limodzi la Astro Boy lojambulidwa ndi dzanja la Tezuka mwini linagulidwa mayuro 269,400.

Mbali imeneyi ya nkhani ndiyo imveka kutali, koma siyo yokoma kopambana ai. Magazini ikasanduka cuma itsekeredwa m'thumba la pulasitiki, ndipo mwini wace aopa kuitsegula kuti msana ungasweke. Cinthu cimene cinapangidwira ana a sukulu cikhala cosawerengedwa ndi munthu ali yense. Anacita bwino koposa ndi aja amene anasonkhanitsa kuti ena aone. Yonezawa Yoshihiro anakundika mabuku ndi magazini moyo wace wonse mpaka nyumba zinadzala. Atamwalira mu 2006, cuma caceco cinapita ku Meiji University, imene inatsegula nyumba ya mabuku ya dzina lace mu 2009. Ku Kyoto sukulu yakale ya ana inasandutsidwa nyumba yosungira manga m'caka ca 2006. Muli zinthu ngati 300,000, ndipo zina ziri pa mashelefu oti mlendo atenge yekha, nakawerengere pa udzu panja.

Ku Lundazi sikunafike magazini a Cijapani m'zaka zimenezo, koma kunafika ace a dziko lino, ndipo mbiri yao ifanana ndi ya anzao aja monga mbuzi ifanana ndi mbuzi inzace. Boma la Northern Rhodesia linayamba nyuzipepa ya anthu akuda yochedwa Mutende m'caka ca 1936, yolembedwa m'Cingerezi ndi m'zinenero zazikuru za dziko, Cinyanja pamodzi, ndipo inakhala kufikira 1952. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941. Ndipo m'caka ca 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma, kampani ya Ever Ready inaturutsa wailesi yochipa yooneka ngati sefuliya, imene inachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire lace paundi imodzi ndi masheleni 5. Wailesi itafika m'midzi panafunika pepala lonena za maprogramu, ndipo m'caka ca 1952 panayamba magazini ya omvera yochedwa African Listener, imene inalowedwa m'malo ndi Nshila mu 1958. Cigawo ca kum'mawa cinali ndi nyuzipepa yaceyace ya Cinyanja, Nkhani za Kum'mawa, ndipo ufulu utabwera panali Tsopano. Anthu ambiri a m'boma la Lundazi alankhula Citumbuka pakhomo, koma Cinyanja ndico anaphunzira ku sukulu, motero mapepala amenewa anawerengedwa kwa Magodi ndi kwa Mphamba monga kwa Mwase.

Opanga Saucepan Special anaikonza mwakuti tizilombo tisalowe m'kati mwace. Magazini yoperekeza wailesiyo panalibe amene anaiganizira zotero.

Panalinso ena ocokera kunja. Drum, imene inayamba ku South Africa mu 1951, inali kubwera m'masutikesi a anthu obwerera ku Joni, ku Halale ndi ku Migodi. Ndipo eni ace a Drum, kuyambira caka ca 1968 kufikira 1972, anaturutsa cinthu cimene cifanana ndi manga kopambana zina zonse zimene anyamata a nthawiyo anaziona: African Film, nthano ya zithunzi zojambulidwa ndi kamera, mau ali m'timabokosi, yonena za kazitape wa cipewa ndi suti dzina lace Lance Spearman, amene anyamata anangomuchula Spear. Inagulitsidwa ku Nigeria, ku Ghana, ku Kenya, ku Uganda, ku Tanzania ndi kuno ku Zambia. Aphunzitsi ambiri sanaikonde, monganso akuru a sukulu ku Japan anadana ndi manga m'zaka za m'ma 1950. Koma anyamata ambiri amene lero ali ndi imvi anaphunzira Cingerezi cao coyamba codzifunira okha m'kamwa mwa Spear. Pambuyo pace, mu 1971, kunabwera Orbit, magazini ya ana a sukulu a m'Zambia, m'mene munali nthano zojambula ndi nkhani za sayansi. Ndiponso timagazini ta Chongololo, ta makalabu a ana osamala nyama za m'thengo, nkhani yosacita kufotokozera ana okhala pafupi ndi cigwa ca Luangwa.

M'mapepala otere muli zinthu zimene m'mabuku a mbiri mulibe. Muli makalata a owerenga odandaula za mtengo wa mtedza ndi za mseu, muli maina a anthu opereka moni kwa abale ao a ku Kitwe ndi ku Bulawayo, muli zithunzi za magulu a mpira, za mafumu pa msonkhano, za oimba a pa wailesi monga Alick Nkhata. Muli ndi Cinyanja ca masiku amenewo, mau amene anthu anali kuyesa pochula zinthu zatsopano, ena anakhala, ena anafa. Banja limene liribe cithunzi ca gogo wao nkutheka kuti nkhope yace iri pa tsamba lina la Nshila kapena la Tsopano, pakati pa gulu la aphunzitsi kapena la alimi, ndipo tsambalo likapicira fodya, nkhopeyo yapita.

Pa Boma la Lundazi pali nyumba imene mlendo ali yense aionetsedwa, ndiyo Castle, yomangidwa ndi njerwa monga malinga a mafumu a ku Ulaya, imene Bwana D.C. Errol Button anayamba kumangitsa m'caka ca 1948 kuti ikhale yogonamo alendo. Iri ciimire. Koma mapepala amene amisiri oimanga ndi akalaliki a pa Boma anali kuwerenga madzulo, a zaka zomwezo, sapezeka pafupi. Makope ena asungidwa ku National Archives ku Lusaka, kumene kulinso buku lija la Boma la Lundazi m'mene ma D.C. anali kulemba za mafumu ndi misonkho, ndipo ena ali ku nyumba ya mabuku ya University of Zambia. Koma kucokera ku Lundazi kufika ku Lusaka ndi ulendo woposa makilomita 700, ndipo mwana wa sukulu wa kwa Zumwanda sangaupite kukaona tsamba limodzi. Ndiponso nyumba zoterezi zinalandira makamaka zosindikizidwa m'dziko lino. African Film ndi Drum, zimene zinalowa m'masutikesi, ndi makope amene mwini wace analembamo maganizo ace m'mphepete, malo ace ndi m'mabokosi a citsulo a aphunzitsi opuma nchito, a akatekisti, a akalaliki akale ndi a amasiye ao.

Tsiku loopsya kwa bokosi lotere si tsiku la ciswe ai, koma la kugawa katundu wa maliro. Abale akhala pa mphasa. Njinga ipeza mwini, jekete lipeza mwini, bokosi lenilenilo lilimbiranidwa cifukwa ndi lolimba. Mapepala a m'kati akhuthulidwa pansi. Wina asankhamo makalata a munda ndi a penshoni, ndipo zotsala, zimene malemuyo anasunga zaka makumi asanu, kuzipulumutsa ku mvula ndi ku masamuko onse a pa nchito, zipatsidwa kwa ana kuti akakolezere moto wa madzi osamba.

Kusunga kwace sikufuna ndalama zambiri, koma kufuna kudziwa adani. Pepala la nyuzi lipangidwa ndi mtengo wopera, ndipo muli utomoni wina wa mumtengo wochedwa lignin umene ufiira ndi kuphwanyika ukaona dzuwa ndi kutentha. Cifukwa cace magazini yosiyidwa pa zenera ikalamba m'mwezi umodzi kuposa ya m'bokosi m'zaka khumi. Bokosi lisakhale pansi kapena kutsamira khoma, kumene ciswe cidzera, koma pa njerwa kapena pa thandala, kutali ndi moto ndi podontha. Magazini agonekedwe, asaimikidwe, ndipo asapindidwe pakati. Timawaya tomangira masamba tikacita dzimbiri tidya pepala, ndipo ndi bwino kutiwongola ndi kuticotsa mosamala. Thumba la pulasitiki lichinjiriza pfumbi ndi mphemvu, koma pepala likalowamo ndi cinyontho ca mwezi wa February licita cuku msanga koposa. Nthawi yabwino yotsegula bokosi ndi kupitsa mphepo pamthunzi ndi cilimwe. Selotepi ndiye mdani wobvala nkhope ya bwenzi: amata lero, koma patapita zaka asiya banga lofiira losacoka. Osonkhanitsa a ku Japan sagula kope lomatidwa motero koma pa mtengo wotsika, ndipo kope losowa cikuto aliyesa ngati nkhuku yosowa mutu. Ngakhale ziri tero, la ku Lundazi losowa cikuto lisatayidwe, pakuti mwina linzace kulibe.

Pali cida cimodzi cimene Yonezawa analibe pamene anayamba, koma mdzukulu wa ku Lundazi ali naco m'thumba, ndico foni yojambula. Magazini ya masamba makumi atatu ijambulika yonse m'mphindi zocepa, pakhonde, pamthunzi woyera, kuyambira cikuto cokhala ndi dzina ndi tsiku, tsamba ndi tsamba osadumpha zolengeza malonda. Nchito yonga yomweyo, koma ya makina akuru, ndiyo imene British Library ya ku London yakhala ikuyang'anira kuyambira 2004 m'maiko ambiri, ndipo kuno inathandiza kujambula makalata akale a cipani ca UNIP ku Lusaka. Zithunzi za pa foni zingatumizidwe kwa abale, kwa mphunzitsi wa mbiri pa sukulu ya sekondale, kapena ku National Archives, pepala lenileni likali m'bokosi la mwini wace. Ndipo ngati wina wa ku tauni adzabwera kudzafuna kugula, banja lidzakhala litaona kale cimene liri kugulitsa, ndi nkhope za yani ziri m'katimo.